Nyumba Yachisanu Kuchokera pa Mjigo

Foni inalira Lachitatu madzulo ndili pakhonde la nyumba yanga ya lendi ku Bangwe, ndikuchapa kolala ya shati. Anali Mayi Nkhoma, amene amatiyang'anira pantchito.

"Joseph, mnzako wodziwa Chiyao uja amugoneka m'chipatala ku Mangochi, malungo. Gulu lapitirira ku Makanjira, koma kwatsala mudzi umodzi ku Katuli. Kwa amfumu, anzako anadutsako kale kukapempha chilolezo. Dzina la mudziwo ndakutumizira pa tabuleti. Nyamuka mawa, ukwere za matola."

Ndinatsegula tabuletiyo manja ali ndi thovu. Nditaona dzina la mudzi, ndinakhala pansi pomwepo. Unali mudzi wa kwathu.

Ntchito yanga ndi yofunsa anthu maganizo awo. Timayenda khomo ndi khomo, kufunsa ngati moyo ukuyenda bwino, ngati madzi alipo, ngati atsogoleri amawakhulupirira. Lamulo limodzi la ntchitoyi n'lakuti munthu satumizidwa kwawo, kuopa kuti angafunse abale ake. Koma ine polemba fomu yolowera ntchito ndinalemba kuti kwathu ndi ku Balaka, poti nakonso Chiyao chiliko ndipo palibe akanadabwa ndi lilime langa. Dzina lakenso ndinalemba Joseph. Kwathu ndine Yusufu.

Ndinali nditatha zaka zisanu ndi zinayi osapondako ku Katuli. Nkhani yake si yaitali, ndi yochititsa manyazi chabe. Ananditumiza ku koleji ya uphunzitsi, mudzi wonse ukudziwa. Chaka chachiwiri ndinalephera mayeso, anandichotsa, ine osauza aliyense. Bambo atamwalira, uthenga unandipeza atawaika kale, poti kwathu maliro sagonera. Pa sadaka ya masiku makumi anayi ndinayenera kupita, koma ndinaganiza za anthu onse amene akananditchula kuti aphunzitsi, mwendo unalemera. Ndinati ndipita mwezi wamawa. Kenako ndinasintha nambala ya foni. Kuyambira pamenepo sindinkadziwa ngakhale zoti amayi anga ali moyo, ndipo ndinkaopa kufunsa.

Lachinayi ndinafika ku depoti ya Limbe mbandakucha. Oitanira anandilanda chikwama n'kundikankhira mu minibasi imene anati yatsala ndi munthu mmodzi kuti idzadze. Nditakhala, anthu anayi amene anali mkatimo anatsika mmodzimmodzi. Anali oitanira anzawo, ongokhalamo kuti ioneke yodzadza. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pamalo pomwepo. Dzuwa linatuluka, linakwera, ogulitsa mandasi anatha kuzungulira kawiri. Ine sindinadandaule nawo anzanga. Minibasi ikanafuna kukhala pamenepo mpaka Loweruka, sindikanaitsutsa.

Tinanyamuka cha m'ma eyiti, anayi anayi pa mpando wa anthu atatu. Kumanja kwanga kunali bambo wachikulire wa jekete lofiirira, atagwira nyuzipepala ya dzana. Kumanzere mayi wonenepa, madengu awiri opanda kanthu atawalowetsana pamiyendo. Fungo la madenguwo linanena lokha kuti ndi a usipa. Ankapita ku Nkopola kukapikula.

Mpaka ku Zomba palibe anandilankhula. Ndinatsamira chikwama n'kuyamba kuwerenga nyumba m'mutu. Pantchito yathu sulowa nyumba imene wakonda. Tabuleti imakupatsa poyambira, iwe n'kuyenda ukuwerenga nyumba za kudzanja lamanja, kulowa yachisanu, kenako yachikhumi, choncho. Nyumba yopanda anthu okhalamo siwerengedwa. Ndipo sunganame, chifukwa tabuletiyo imasunga malo enieni pamene unakhala pofunsa. Poyambira pamene anandipatsa panali pa mjigo wa pafupi ndi mzikiti, kuyang'ana kotulukira dzuwa. Njira imeneyo ndinkaidziwa ndi mapazi. Yoyamba ya mwalimu wa pamzikiti. Yachiwiri ya Abiti Mussa. Yachitatu ya anyamata osoka maukonde. Yachinayi ya mlongo wanga Asiyatu. Yachisanu ya Che Bwanali, telala amene maso anali atayamba kale kuchita chifunga pamene ndinkachoka. Yachisanu ndi chimodzi ya amayi anga.

Ndinawerenga katatu, katatu konse n'kupeza chimodzimodzi. Ndinapuma. Ndikanalowa kwa telala, n'kudutsa pakhomo pa amayi chipewa chili m'maso, n'kuona ngati pali utsi kapena zovala pa chingwe. Zimenezo zinali zokwanira munthu wamantha ngati ine.

Titadutsa Domasi, bambo wa jekete uja anayang'anitsitsa chikwama changa, pamene panalembedwa za ntchito yathu.

"Ndinu a kafukufuku?"

"Eya, bambo."

"Ine ndinaphunzitsa Chichewa zaka makumi atatu. Kodi mumadziwa kumene dzina lanulo linachokera?"

Ndinati sindidziwa.

"Likuchokera ku kufukula. Mfuko mumaidziwa? Imayenda pansi pa munda wa eni ake, fuku fuku, kutulutsa dothi. M'mawa mumangoona milu, iyoyo osaiona. Ndiye inu amenewo. Mumafukula za m'mimba mwa anthu, kuziunjika pa nyuzipepala, inu n'kuzimiririka."

Mayi wa madengu anaseka mpaka madengu kugwedera. "Aphunzitsi, kwathu kunyanja sitivutika ndi zonsezo. Timangoti a mafunso. Ena amati a ndilembeni, poti akangotsika galimoto, mudzi wonse umathamangira kuganiza kuti akulemba za thandizo. Wina anafika kwanga, kamtsikana kaulemu ndithu. Anandikhazika maola awiri, mphaka akudya usipa pathandala. Mpaka lero sindinamve kuti mayankho anga anabala chiyani."

"Mwaona?" anatero aphunzitsi. "Mfuko sibwerera kudzafotsera."

Kaya zimenezi n'zoona kapena anangozipeka pampandopo, sindikudziwa, ndipo sindinafufuzepo. Koma anandigwira pabwino. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pa mikeka ya anthu kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Amandiuza za njala yawo, za ana awo, ena mpaka kulira. Lamulo limati usaonetse kudabwa, usatonthoze, usanene maganizo ako. Ukamaliza umathokoza n'kupita. Pa anthu onsewo palibe amene amadziwa kumene ndimagona.

"Nanga inuyo kwanu n'kuti?" anafunsa mayi uja.

"Ku Balaka."

Anandiyang'ana chammbali. "Balaka yake ya kuphiri, eti?" Anandipatsa moni m'Chiyao, ine n'kuyankha ndisanaganize. Anangoti, "Mhm," n'kusiya. Linali funso loyamba kufunsidwa ine pa miyezi yambiri, ndipo ndinanama.

Pa Liwonde apolisi anatitsitsa tonse pa rodibuloko. Tisanafikepo, kondakitala anali atauza anthu awiri kuti awoloke mlatho wapansi tikawapeze kutsogolo, kuti tioneke okwanira. Mmodzi wa iwo sanamve bwino, anakakhala pansi pa mtengo wolakwika, ndipo tinatha theka la ola tikumufuna. Titangopitirira Ulongwe, tayala lakumbuyo linaphulika. Sipeya inalipo, jeke panalibe. Kondakitala anaima pamsewu kukupiza dzanja galimoto iliyonse, ife titabalalika m'mithunzi ya malambe. Aliyense anatulutsa foni. Aphunzitsi ankauza akazi awo kuti asawadikire nkhomaliro. Mayi wa madengu ankakalipira msodzi wake kuti asagulitse usipa kwa wina. Mtsikana wina ankangoseka ndi munthu amene sitinkamuona. Nanenso ndinatulutsa yanga, kuyang'ana mayina onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Onse anali a kuntchito, kuphatikizapo alandilodi. Ndinaibweza m'thumba n'kuyamba kutola timiyala.

Jeke inapezeka pa lole ya simenti patatha maola awiri. Tinafika pa boma la Mangochi dzuwa litapendeka. Mayi wa madengu potsika anandigwira mkono.

"Achimwene a ku Balaka, mukafika kuphiriko mukapereke moni."

Aphunzitsi anandisiyira nyuzipepala yawo ya dzana. Galimoto za ku Namwera zinali zikadalipo, koma ndinadziuza kuti munthu safika kumudzi kwa eni ake madzulo ndi mafunso. Ndinapeza chipinda pafupi ndi msika, ndinadya chipisi nditaimirira, ndinamva kuitana kwa swala ya madzulo kuchokera m'mizikiti itatu nthawi imodzi. Ku Bangwe ndinaphunzira kusakumva. Kuno kunandilowa m'mafupa.

Lachisanu m'mawa ndinakwera kagalimoto kakang'ono ka anthu asanu ndi awiri, tili khumi ndi mmodzi, kuphatikiza matumba a mchere ndi matiresi padenga. Ine anandiika kutsogolo, kugawana mpando ndi dalaivala, moti posintha magiya ankayamba wandipempha kuti ndisunthe bondo. Tinawoloka Shire, n'kuyamba kukwera mapiri a Chowe. Pa kona yachitatu kagalimoto kanayamba kutsokomola, pa yachisanu kanatulutsa nthunzi n'kuima. Tinatsika msanga kukaika miyala kumatayala. Dalaivala anatsegula boneti, anaima patali, n'kunena kuti tidikire kazizire. Madzi analibe. Anasonkhetsa mabotolo athu akumwa, langa lomwe.

Apa onse ankalankhula Chiyao chenicheni cha kwathu, chothamanga, chodula mawu. Ndinakhala pamwala patali pang'ono, chipewa chotsitsa, magalasi akuda. Amayi awiri ankakambirana za ana awo a ku Joni, wina watumiza foni, wina watumiza malata. Mmodzi anati, "Bola wa ku Joni, umadziwa kuti ali kutali. Pali ena ali pa Blantyre pompa, koma ngati anamira." Sankanena ine, sankandidziwa n'komwe. Komabe ndinadzuka n'kukaima kuseri kwa galimoto ngati ndikuyang'ana matayala.

Pa Namwera a kabaza anandizungulira ngati ndagwetsa chimanga. Ndinasankha bambo wina wa njinga yamoto yofiira amene nkhope yake sindinkaidziwa. Tinagwirizana kuti akandidikire mpaka ndimalize, andibweze tsiku lomwelo. Msewu wa ku Katuli unali momwe ndinausiyira, fumbi, mabampu, timilatho ta matabwa. Pamchenga ndinkatsika iye n'kumakankha. Anayesa kucheza nane, kufunsa ngati tikulemba za makuponi. Ndinamuyankha m'Chichewa cha m'tauni kuti ayi, ndi mafunso chabe. Anakhumudwa.

Tinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo ndivomere kuti ndinachita kuwerengera. Lachisanu nthawi imeneyo amuna onse amakhala mumzikiti. Panja panali nsapato zokhazokha, mizere mizere. Pa mjigo panali atsikana awiri amene anabadwa ine nditachoka kapena anali akukwawa. Anandiyang'ana ngati mlendo wina aliyense wa chikwama. Wa kabaza anaimika njinga pansi pa mtengo wa mango, navula nsapato kukalowa nawo mumzikiti.

Ndinayatsa tabuleti, kuyang'ana kotulukira dzuwa, n'kuyamba kuyenda.

Yoyamba ya mwalimu, tsopano ya malata. Yachiwiri ya Abiti Mussa, mbuzi pakhonde. Yachitatu inali ndi kansalu pachitseko ndi wailesi ikulira mkati. Pa yachinayi, ya mlongo wanga Asiyatu, ndinaima. Denga linali litagwera mkati. Chitseko panalibe, ndipo pakati pa chipinda panamera mpapaya wautali kuposa ine. Mtengo wotero sumera chaka chimodzi.

Nyumba yopanda anthu siwerengedwa. Ndiye kuti ya telala inali yachinayi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuwerenganso ndi zala ngati mwana wa sitandade wani. Ndikanatha kunamizira kuti m'bwinjamo mumakhala munthu. Ndikanatha kuimbira Mayi Nkhoma n'kuulula za Balaka. Ndikanatha kubwerera ku mtengo wa mango. Koma zaka zisanu ndi chimodzi za ntchito zinandizoloweretsa chinthu chimodzi, kuti ukawerenga n'kufika pa chisanu, umalowa. Miyendo inapita yokha.

Pa chingwe panali nsalu imodzi ndi mpango umodzi. Pakhonde panali mayi wamng'ono kuposa amene ndinkamukumbuka, akusankha nandolo m'lichero.

"Odi."

Dzanja lawo linaima m'lichero. Sanadzutse mutu msanga. Atadzutsa anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, chikwama, tabuleti, magalasi, mpaka chipewa. Ndinadziwa kuti andizindikira pa liwu lomwelo. Ndinadikira kulira, kapena kutukwana, kapena kuti alowe m'nyumba n'kutseka. Anadzuka pang'onopang'ono, analowa, n'kutuluka ndi mkeka wa alendo, uja wa mizere yobiriwira umene ife ana sitinkaloledwa kukhalapo. Anauyala patali ndi iwo.

"Khalani, alendo."

Tinkalankhula Chiyao, koma ndilemba m'Chichewa. Ndinakhala. Mawu anga onse amene ndinakonza zaka zisanu ndi zinayi anathawa. Amene anatsala ndi a pa tabuleti, amene ndimawanena ngakhale kutulo. Ndinawerenga kuti ndachokera ku bungwe lofufuza maganizo a anthu, kuti nyumba yawo yasankhidwa mwamwayi, kuti dzina lawo silidzatchulidwa, kuti ali ndi ufulu kukana.

"Anzanu anabwerapo kwa Abiti Mussa chaka china," anatero. "Ndinaona. Munthu wa mafunso sachoka asanamalize, eti?"

"Sachoka."

"Ndiye funsani."

"M'nyumba muno mumakhala anthu angati?"

"Ndekha. Mwana wanga wamkazi anatsatira mwamuna wake ku Mozambiki, chaka chachinayi chino."

Ndinadina pa chimodzi.

"M'chaka chapitachi, ndi kangati mwagona osadya: simunagonepo, kamodzi kapena kawiri, kangapo, kapena nthawi zambiri?"

"Kangapo."

"Ndi kangati mwasowa mankhwala mutadwala?"

"Nthawi zambiri. Mwendo uwu."

Sindinayang'ane mwendowo. Lamulo limati usaonetse kudabwa. Ndinafunsa za msewu, anati ndi woipa. Za sukulu, anati alibe mwana wa sukulu. Za aphungu, anaseka pang'ono. Ankayankha bwinobwino, mosathamanga, manja akusankhabe nandolo. Mafunso athu ndi ambiri, amatenga ola lathunthu, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza kuti ndi ambiri. Amuna anatuluka mumzikiti, ndinamva mawu awo akudutsa kunjira, ena akuchedwa pang'ono kuyang'ana. Amayi sanawaitane.

"Anansi anu mumawakhulupirira bwanji: kwambiri, pang'ono, kapena ayi?"

"Kwambiri. Ndiwo amandifolera denga."

"Nanga abale anu?"

Anasiya lichero. "Palibe poti sindikudziwa?"

"Palipo, koma sitiwerenga mokweza."

"Dinani pamenepo."

Ndinadina. Zilembo zinayamba kusambira m'maso, ndipo magalasi akuda aja anandithandiza. Ndinapitiriza mpaka tsamba lomaliza. Funso lotsiriza limakhala lomwelo nthawi zonse, ndipo timafunsa pofuna kudziwa ngati munthu ankayankha mwamantha. Ambiri amati boma, ena amati azungu, ena chipani.

"Funso lomaliza, mayi. Mukuganiza kuti watituma kudzafunsa mafunsowa ndani?"

Anakutumula mankhusu pansalu yawo, n'kuyang'ana kunjira.

"Lembani kuti ndine."

"Mayi?"

"Ndine ndinatuma. Ndinatuma dalaivala wa lole ya fodya. Ndinatuma mwana wa mwalimu popita ku Limbe kukagula nsalu. Ndinatuma Asiyatu asanapite, anayenda masiku atatu m'tauni ndi chithunzi. Aliyense wokwera galimoto pano ndinkamutuma, kuti mukamuona mwana wanga mukamuuze kuti za sukuluzo tinazimva kalekale, bambo ake asanamwalire, ndipo palibe anakwiya. Onse anabwerako okha." Anatola lichero lija. "Inu ndinu woyamba kufika naye."

Pa tabuleti panali mabokosi asanu ndi limodzi, ndi lina lakuti zina, fotokozani. Chala changa chinaima pamenepo. Bambo ankadziwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkabisa chinthu chimene mudzi wonse unkachidziwa, ndipo amayi anagona ndi njala kangapo ine ndikufunsa amayi a anthu ena ngati adya.

Kumtengo wa mango wa kabaza anayamba kuliza hutala. Mayankho amenewo sindinawatumize ku ofesi. Madzulo ake ndinakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, n'kuuza Mayi Nkhoma zonse, za Balaka ndi za Joseph, ndipo zimene ananena ndi nkhani ina. Koma pa nthawiyo ndinali ndikadali pa mkeka wa alendo, tabuleti pamiyendo, osadziwa kuti munthu amatani mafunso akatha.

"Mwamaliza?" anafunsa amayi.

"Ndamaliza."

"Ndiye kamuuze wa njingayo azipita." Anasuntha pang'ono pakhonde, kusiya malo pambali pawo, pa dothi. "Ukabwera uchoke pamkekapo, ndi wa alendo. Ndipo vula chipewacho, Yusufu, ndikuone."